Mafunso ndi Mayankho: Kupeza Vuto la Magetsi a Galimoto Pogwiritsa Ntchito Tesita ndi Multimeter

Tsambali lalembedwera eni magalimoto, madalaivala a maminibasi ndi ma Sienta oyenda mu msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, komanso achinyamata amene akuphunzira umakaniko m'magalaja. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri galimoto ikakana kulira, nyali zikazima, kapena batire likamatha usiku popanda chifukwa chooneka.

Kodi munthu amafunika zida zotani kuti ayambe kufufuza vuto la magetsi?

Zida zake ndi zochepa. Choyamba ndi tesita ya babu, imene ili ndi chitsulo chosongoka mbali imodzi ndi waya wa kopanira mbali inayo. Chachiwiri ndi multimeter ya manambala, imene imayeza mavolti (mphamvu yokankha magetsi), ma ohm (kutchinga kwa njira ya magetsi) ndi ma amp (kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda). Chachitatu ndi waya wolumphitsira magetsi wokhala ndi fyuzi pakati pake, kuti mukagunda pamalo olakwika ipse fyuziyo m'malo mwa mawaya a galimoto. Muonjezerepo sipanala ya 10, imene imamasula mateminolo a batire pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan, sandipepa, ndi bulashi ya waya. Ngati mungapeze chithunzi cha kayendedwe ka mawaya a galimoto yanu, chimapulumutsa nthawi yambiri, koma ngakhale chivundikiro cha bokosi la mafyuzi chimakuuzani kale kuti fyuzi iliyonse ikuteteza chiyani.

Ngati ndili ndi multimeter, tesita ya babu ili ndi ntchito yanji?

Zida ziwirizi zimayankha mafunso osiyana. Multimeter imakoka magetsi ochepetsetsa kwambiri poyeza, motero imakuuzani kuchuluka kwa mavolti molondola koma sikuuzani ngati wayayo angathe kunyamula katundu. Tesita ya babu imakoka magetsi ndithu kuti babu lake liyake, ndiye ikawala mofooka pamene imayenera kuwala kwambiri, mwadziwa kale kuti penapake panjira pali chotchinga. Ubwino womwewo ndi umene umachititsa kuti tesita ya babu ikhale yoopsa pa mawaya a kompyuta ya injini ndi a masensa (tizipangizo touza kompyuta mmene injini ikuyendera), chifukwa tizipangizo ta m'kati mwa kompyuta sitinapangidwe kuti tiyatse babu. Pa nyali, huta, mawaipa ndi mafyuzi gwiritsani ntchito tesita. Pa masensa ndi kompyuta gwiritsani ntchito multimeter yokha.

Musanakhulupirire chida chilichonse, chiyeseni kaye pa batire. Tesita imene babu lake lapsa imakunamizani kuti paliponse palibe magetsi.

Ndiyambire pati galimoto ikakhala ndi vuto lililonse la magetsi?

Yambirani pa batire nthawi zonse, ngakhale vuto likuoneka kuti lili kutali nalo. Ikani multimeter pa mavolti a DC, pa 20 ngati ndi yosankha pamanja, ndipo mugunditse waya wofiira pa mutu wa positive, wakuda pa mutu wa negative. Injini ikhale yozima ndipo galimoto ikhale itapuma kwa maola angapo, popeza batire limene langochoka pa tchaji limaonetsa mavolti okwera kuposa mphamvu yake yeniyeni. Batire lodzaza limaonetsa pafupifupi mavolti 12.6. Likaonetsa 12.4 latsala ndi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake, 12.2 ndi theka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Anthu ambiri akaona 12.0 amaganiza kuti zonse zili bwino poti batire lake ndi la mavolti 12, koma kusiyana kwa batire lodzaza ndi lofooka kuli m'kachigawo kakang'ono ka kuseri kwa kadontho.

Malole ambiri akuluakulu, kuphatikizapo ena onyamula kachewere ndi kabichi pa Lizulu ndi pa Tsangano, amagwiritsa ntchito mavolti 24 ochokera ku mabatire awiri olumikizidwa motsatizana. Pa galimoto yotere yezani batire lililonse palokha, chifukwa limodzi likhoza kufa pamene linzake lili bwino, ndipo gwiritsani ntchito tesita ya mavolti 24.

M'mawa wa June kapena July galimoto imangoti "kha-kha-kha" osalira. Kodi ndigule batire latsopano?

Musathamangire kugula. N'zoona kuti kuzizira kwa ku Dedza ndi kumapiri a Ntcheu kumaulula mabatire okalamba, chifukwa batire likazizira limatulutsa mphamvu yochepa pa nthawi yomwe oilo wa mu injini walimba ndipo sitata ikufuna mphamvu yochuluka. Koma phokoso lomwelo limabweranso mateminolo akachita dzimbiri, waya wa earth (wobwezera magetsi ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto) akamasuka, kapena sitata yeniyeniyo ikatha. Njira yosiyanitsira zinthu zimenezi ndi kuyeza pamene mnzanu akupotokola kiyi.

Gwiritsani mawaya a multimeter pa mitu yeniyeni ya mtovu ya batire, osati pa zomangira zake. Mnzanu akapotokola kiyi, mavolti adzatsika, ndipo pa batire labwino sayenera kutsika pansi pa 9.6. Akagwa mpaka 7 kapena 6, batire lilibe mphamvu. Litchajeni mokwanira, muyesenso, ndipo likabwereza zomwezo ndiye kuti latha. Koma ngati mavolti akhalabe pamwamba, mwina 12 kapena 11.5, pamene sitata ikukana kuzungulira, batire lilibe mlandu. Magetsi akulephera kufika kumene akufunika.

Apa ndi pamene pamafunika muyeso umene amakaniko ambiri ongoyamba kumene sauchita, ngakhale uli wofunika kuposa ina yonse. Siyani multimeter pa mavolti, ikani waya wofiira pa mutu wa positive wa batire, wakuda pa bawuti yaikulu ya pa sitata pamene pamafikira waya wonenepa uja, ndipo mnzanu apotokole kiyi. Nambala imene ikuoneka ndi mavolti amene akutayika panjira pakati pa nsonga ziwirizo. Pa waya wabwino siyenera kupitirira 0.5. Chitani chimodzimodzi mbali ya negative: waya umodzi pa mutu wa negative wa batire, winawo pa chitsulo choyera cha injini. Mukapeza volti imodzi kapena ziwiri zikutayika, yambani kusendeza waya wa multimeter pang'onopang'ono, kuchokera pa mutu wa batire kupita pa chomangira chake, kenako pa waya, kenako pa bawuti, mpaka mutapeza mfundo imene nambalayo ikudumpha. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi pakati pa mutu wa batire ndi chomangira chake chenichenicho, pamene pamera ufa woyera kapena wobiriwira. Kumasula, kupala ndi sandipepa mpaka mtovu uwale, ndi kumanganso mwamphamvu kumathetsa vuto limene munthu akanataya nalo ndalama zambiri pogula batire kapena sitata. Chizolowezi chokhomera msomali kapena sikuluwu pakati pa mutu wa batire ndi chomangira chokhwepa chimathandiza tsiku limodzi lokha, kenako chimaononga mutuwo.

Multimeter ikuonetsa mavolti 12 pa soketi ya nyali, babu ndi latsopano, koma silikuyaka. Zikutheka bwanji?

Zimatheka, ndipo zimasokoneza anthu ambiri. Waya wa galimoto ndi mtolo wa timawaya tating'onoting'ono ta kopa. Tonse titaduka n'kutsala kamodzi, kapena pulagi itachita dzimbiri m'kati, multimeter idzaonetsabe mavolti 12 malinga ngati palibe chimene chikukoka magetsi. Zili ngati paipi yothirira kudimba imene yatsekeka ndi matope: mukatseka kumapeto kwake imadzaza n'kulimba ngati yabwinobwino, koma mukangotsegula madzi amangodontha. Babu la nyali yakutsogolo la mawati 55 limafuna pafupifupi ma amp 4.5, ndipo kawaya kamodzi kapena pulagi ya dzimbiri singadutsitse magetsi ochuluka chomwecho.

N'chifukwa chake muyeso uyenera kuchitika babu lili m'malo mwake ndipo switchi ili yoyatsa. Lowetsani nsonga ya multimeter kuseri kwa pulagi, kumene waya amalowera, pulagiyo ili yolumikiza. Mukaona kuti mavolti amene anali 12 agwa kufika pa 3 kapena pa 0 babu litalumikizidwa, chotchinga chili mbali ya positive, ndipo mubwerere m'mbuyo kudzera pa relay (switchi yoyendetsedwa ndi magetsi), switchi ndi fyuzi. Mukaona mavolti 12 mbali ya positive komanso mavolti angapo mbali ya earth, ndiye kuti magetsi akufika koma akusowa njira yobwererera. Kuyeza ma ohm pa waya wotere sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kawaya kamodzi kotsala kamachititsa multimeter kulira ngati waya ndi wamphumphu.

Pewani kuboola chikopa cha waya ndi nsonga ya tesita. Kabowo kameneko kamalowetsa madzi m'nyengo ya dzinja, ndipo pakapita miyezi kopa amasanduka wobiriwira m'kati momwe simungaone.

Ndikaponda buleki, nyali za indiketa zimayaka mofooka, ndipo ndikayatsa indiketa nyali zonse zakumbuyo zimaphethira. Vuto lili pati?

Pafupifupi nthawi zonse vuto lotere ndi la earth ya nyali zakumbuyo. M'galimoto, magetsi amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha bodi ndi cha injini. Njira imeneyi ikatsekeka ndi dzimbiri, penti kapena bawuti yomasuka, magetsi amafunafuna njira ina ndipo amadutsa m'mababu oyandikana nawo. Tengani waya wolumphitsira, mulumikize mbali ya earth ya soketi ku chitsulo choyera cha bodi. Nyali zikayamba kuchita bwino, mwapeza vuto. Pa magalimoto a Toyota waya wa earth nthawi zambiri amakhala woyera wa mzere wakuda, ndipo mukamutsata mudzapeza pamene wamangiriridwa ku bodi. Galimoto imene yangochoka kowongoledwa ndi kupentedwa ikayamba zachilendo zotere, onani kaye ngati bawuti ya earth sinamangidwe pamwamba pa penti watsopano.

Kodi fyuzi ndimaiyesa bwanji, nanga ikamangopsa ndichite chiyani?

Palibe chifukwa chozula mafyuzi onse n'kumawayang'ana padzuwa. Pamsana pa fyuzi iliyonse ya mapazi awiri pali timalo tiwiri tachitsulo toonekera. Panirani tesita ku earth, tsegulani kiyi, ndipo mugunde kamalo kalikonse. Ikayaka mbali zonse ziwiri, fyuzi ndi yabwino. Ikayaka mbali imodzi yokha, fyuzi yapsa. Ikapanda kuyaka konse, fyuziyo sikulandira magetsi panthawiyo, mwina chifukwa switchi yake ndi yozima kapena vuto lili panjira magetsi asanafike pa fyuziyo.

Mitundu ya mafyuzi amenewa ili ndi tanthauzo: yofiira ndi ya ma amp 10, ya buluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Bwezeranipo ya nambala yomweyo. Kuika yaikulu, kapena kukulunga waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la mupaketi ya fodya m'malo mwa fyuzi, n'kusamutsa moto kuuchotsa mu fyuzi kuupititsa mu mtolo wa mawaya kuseri kwa dashibodi, ndipo magalimoto amapsa motero.

Fyuzi ikamapsa mukangoiika, pali shoti, kutanthauza kuti waya wa positive wakhudza chitsulo asanafike pa chipangizo chake. M'malo momaliza mafyuzi poyesa, lumikizani babu la mawati 21, ngati la buleki lija, pa mapazi awiri a pamalo a fyuziyo. Shoti ikakhalapo babulo lidzawala kwambiri, ndipo lidzateteza mawaya chifukwa silingalole magetsi opitirira ma amp awiri kudutsa. Kenako yambani kuzula mapulagi a zipangizo za pa fyuziyo imodziimodzi ndi kugwedeza mawaya, maso ali pa babu. Pamene lizime kapena kufooka, mwafika pa chigawo cholakwika. Malo oyamba kuwakayikira ndi pamene mawaya amapindika tsiku lililonse, monga mu labala wa pakati pa chitseko ndi bodi ndi wa chitseko chakumbuyo cha minibasi, komanso paliponse pamene wina analumikizapo wailesi, masipika kapena nyali zowonjezera.

Nanga relay?

Relay ndi switchi yoyendetsedwa ndi magetsi. Pa zambiri mapazi ake amalembedwa manambala: 85 ndi 86 ndi a koyilo yaing'ono, 30 ndi polowera magetsi amphamvu, 87 ndi potulukira, ndipo ya mapazi asanu imakhalanso ndi 87a. Pakati pa 85 ndi 86 multimeter iyenera kuonetsa ma ohm makumi angapo, kawirikawiri pakati pa 50 ndi 120. Mukapereka mavolti 12 pa mapazi awiriwo imveke kuti "tha", ndipo 30 ndi 87 zilumikizane. Kumveka kokhako si umboni wakuti ndi yabwino, chifukwa timilomo ta m'kati tikhoza kukhala topserera. Njira yachidule ndi kusinthanitsa ndi relay ina yofanana nayo ndendende ya m'bokosi lomwelo, monga ya huta.

Batire ndi labwino koma galimoto ikagona masiku awiri silikhalanso ndi mphamvu. Ndingadziwe bwanji chimene chikudya magetsi?

Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko. Sunthani waya wofiira wa multimeter kupita pa bowo la ma amp 10, masulani chomangira cha negative, ndipo muike multimeter pakati pa mutu wa batire ndi chomangiracho kuti magetsi onse azidutsa mu multimeter. Dikirani kwa theka la ola kapena kupitirira kuti makompyuta a galimoto agone. Pa magalimoto ambiri magetsi otsala sayenera kupitirira ma amp 0.05. Mukapeza 0.4, mwachitsanzo, amenewo ndi ofanana ndi kababu kamodzi ka mawati 5 koyaka usiku wonse m'buti, ndipo pa tsiku limodzi kamadya pafupifupi ma amp-hour 10 (muyeso wa magetsi amene batire limasunga), gawo lalikulu ndithu la batire laling'ono la ma amp-hour 45. Zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa. Mukazula onse koma nambala osasintha, masulani waya wamkulu wa kuseri kwa alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira), batire lili lochotsa kaye, kenako muyesenso, chifukwa diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) yowonongeka m'kati mwake imabweza magetsi usiku.

Multimeter ili pa ma amp musayese kuliza injini, chifukwa sitata imakoka ma amp oposa 100. Mukamaliza bwezerani waya wofiira pa bowo la mavolti nthawi yomweyo. Mukaiwala n'kukagunda mitu iwiri ya batire, mwapanga shoti kudzera mu multimeter yanu.

Kodi ndi bwino kuyesa alternator pochotsa teminolo ya batire injini ikulira?

Ayi. Njira imeneyi idakalipo m'magalaja ena, koma ndi ya nthawi ya magalimoto opanda kompyuta. Batire limathandiza kuti mavolti akhale okhazikika, ndipo mukalichotsa injini ikulira mavolti akhoza kudumpha n'kuwotcha kompyuta, wailesi kapena alternator yomweyo. Multimeter imapereka yankho popanda ngozi: injini ikulira, pa mitu ya batire payenera kuoneka mavolti a pakati pa 13.5 ndi 14.7. Yatsani nyali zazikulu ndi fani, ponderani mafuta pang'ono, ndipo akhalebe pamwamba pa 13. Akakhala pa 12 ndi kanthu, onani kaye lamba ngati wakhwepa, fyuzi yaikulu ya alternator ndi pulagi yake musanaimasule. Akapitirira 15, regulator (kachipangizo ka alternator koletsa mavolti kukwera mopitirira) yawonongeka ndipo batire likuwira. Chizindikiro chake ndi fungo la mazira owola ndi mababu opsa pafupipafupi. Magalimoto ena atsopano amatsitsa dala mavolti batire likadzaza pofuna kusunga mafuta, choncho pa amenewo yezani nyali zili zoyaka.

Vuto limabwera n'kuchoka lokha, makamaka m'misewu ya fumbi ndi mabampu. Ndingaligwire bwanji?

Galimoto imene imachita bwino pa tala koma n'kumazima poyenda m'misewu ya kumidzi ya ku Kasinje kapena kuseri kwa Bembeke ili ndi cholumikizira chomasuka kapena waya woduka m'kati mwa chikopa chake. Lizani injini, kapena yatsani chipangizo chovutacho, lumikizani multimeter kapena tesita, ndipo muzigwedeza mtolo wa mawaya ndi mapulagi chigawo ndi chigawo. Zulani pulagi iliyonse yokayikitsa muone ngati timapazi take tabwerera m'mbuyo, tatakasuka kapena tabiriwira. Galimoto imene imanyamula chimanga kapena kugona pafupi ndi nkhokwe muiyang'anenso pansi pa mipando, kuseri kwa dashibodi ndi pamwamba pa injini, chifukwa makoswe amakonda malo ofunda ndipo amatafuna chikopa cha mawaya. Polumikiza waya woduka, kungopota ndi zala n'kukulunga selotepi kapena pepala la pulasitiki sikukhalitsa. Lumikizani powotcherera ndi mtovu wa soda (solder) kapena ndi chopanira choyenera, ndipo mutseke bwino kuti madzi asalowe.

Galimoto ya dizilo ikuzungulira bwino koma imavuta kulira kukazizira. Kodi ndi vuto la magetsi?

Nthawi zambiri ndi mahita, amene amatenthetsa m'kati mwa injini isanalire. Tsegulani kiyi injini ili yozizira ndipo muone ndi tesita ngati magetsi akufika pa chitsulo cholumikiza mahitawo kwa masekondi angapo. Ngati sakufika, onani fyuzi ndi relay yake. Ngati akufika, chotsani chitsulocho ndipo muyeze hita iliyonse pakati pa nsonga yake ndi chitsulo cha injini. Yabwino imaonetsa ma ohm ochepa kwambiri, pafupifupi 1. Imene sikuonetsa kulumikizana konse yapsa.

Kodi kachipangizo kowerenga makodi a kompyuta sikangalowe m'malo mwa zonsezi?

Kamathandiza, koma khodi imatchula chigawo chimene kompyuta yaona kuti sichili bwino, osati chipangizo choti mugule. Khodi yotchula sensa ikhoza kubwera chifukwa cha sensa yakufa, waya woduka, pulagi yonyowa kapena earth yofooka, ndipo chosiyanitsa zimenezi ndi multimeter. Masensa ambiri amalandira mavolti 5 kuchokera ku kompyuta, ndiye musanagule yatsopano onani ngati mavolti 5 amenewo ndi earth zikufika pa pulagi yake. Ngati kachipangizoko sikakuyaka n'komwe mukakalumikiza pa soketi ya mabowo 16 ya pansi pa chiwongolero, yezani bowo la nambala 16, limene liyenera kukhala ndi mavolti a batire nthawi zonse, ndi mabowo 4 ndi 5 amene ndi earth.

Ndi malo ati amene sindiyenera kuwakhudza?

Mapulagi ndi mawaya okutidwa zachikasu, a pansi pa mipando ndi pa chiwongolero, ndi a airbag, thumba la mpweya limene limafufuma pa ngozi. Musawagunde ndi tesita ndipo musawayeze ma ohm, chifukwa magetsi ochepa okha akhoza kuphulitsa airbag pankhope panu. Mawaya onenepa a mtundu wa lalanje pa magalimoto a hybrid (oyendera mafuta ndi magetsi) monga Toyota Prius ndi Aqua amanyamula mavolti oposa 100, okwanira kupha munthu, ndipo ntchito yake ndi ya amene anaphunzira ndipo ali ndi magolovesi ake oyenera. Batire laling'ono la mavolti 12 la magalimoto amenewa mukhoza kuliyeza monga mwa nthawi zonse.

Pa galimoto wamba mavolti 12 sangakugwireni, koma batire likhoza kutulutsa ma amp mazanamazana sipanala ikalumikiza positive ndi bodi, ndipo mphete kapena wotchi yachitsulo imatentha mpaka kuwotcha khungu. Vulani zimenezi musanayambe. Pochotsa batire yambani ndi negative, pobwezera malizani ndi negative. Batire limene likutchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka msanga, choncho musasute fodya pafupi nalo kapena kuliyesa pothethetsa waya pa mitu yake, ndipo asidi wake akakudontherani pakhungu kapena m'maso sambani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, kenako mupite kuchipatala ngati wafika m'maso.